Mphika Wondichitira Umboni

Lamlungu, kumayambiriro kwa Seputembala.

Ndadzuka thupi lili lefu ngati la munthu wochira malungo, chonsecho palibe pamene pakundiwawa kupatula zala. Tsitsi likununkhabe utsi wa ndowe. Kutchalitchi sindinapite. Amayi anandiyang'ana ndili gone pamphasa, anatenga buku lawo la nyimbo n'kutuluka osandifunsa kanthu. Mawa sukulu zikutsegulidwa ndipo ine ndimayenera kukayamba Folomu 4. Wondiweruza kuti ndipite kapena ndisapite anali mphika, woumba ine ndemwe, munthu amene tchuthi chino chisanayambe ndinali ndisanagwirepo dothi loumbira.

Kwathu ndi kufupi ndi Embangweni, mbali yoyang'ana ku Kasungu. Amayi ndi a ku Kasungu komweko. Anabwera kuno kudzakwatiwa, ndipo bambo atamwalira anatsala pamudzi pa amuna awo, chifukwa ng'ombe zinaperekedwa ndipo ana ndife a kuchimuna. Amene ali ndi mawu pa ine ndi bambo aakulu, akulu awo a malemu bambo. Amacheka matabwa ku Chikangawa, kumudzi amabwera mwa apo ndi apo, ndipo ndiwo amandilipirira sukulu yogonera konko ku boma. Mlongo wawo, azakhali anga, amene kuno timawaitana kuti ankhazi, ukwati wawo unatha kalekale. Anabwerera kudzakhala kumapeto kwa mudzi, pamalo amene achimwene awo anawapatsa, ndipo amaumba mbiya.

Palibe amene anandituma kukaphunzira. Ndinkadutsa pakhomo pawo pochokera kumjigo, n'kumaona mmene chibumi cha dothi chikukwerera m'manja mwawo mpaka kukhala mtsuko, iwo akukamba nkhani zina, maso ali kwina. Ndinachita nazo kaso. Ndinkafunanso kuumbira amayi mtsuko wa madzi akumwa, chifukwa madzi a m'chidebe cha pulasitiki pofika masana amakhala ngati owiritsa. Nditawapempha, azakhali anagwira dzanja langa n'kulitembenuza.

"Timanja ta bolopeni. Zikhadabo izi ukawenge. Mawa ubwere ndi khasu ndi beseni."

Mtapo, pamene amakumba dothi, uli kudambo, kuseri kwa madimba. Tisanatsikire m'dzenje azakhali anaima n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Iwe msungwana, uli makora?"

"Ndili bwino, ankhazi."

"Sindikufunsa za chimfine."

Ndinayang'ana pansi. Anandifotokozera kuti dothi la mtapo silifuna munthu wotentha. Mkazi amene ali kumwezi, woyembekezera, kapena amene wagona ndi mwamuna, sakumba, sakanda, ndipo sayandikira moto wa mbiya. Akatero mbiya zimasweka. Ndinayankha kuti pa zitatuzo palibe chondikhudza, makutu akundiyaka ndi manyazi.

"Mbwenu tsika," anatero.

Dothi lapamwamba sitinatenge. Tinakumba mpaka kupeza lotuwira, lolemera, lonanda, limene ukalifinya m'manja limatuluka pakati pa zala osathothoka. Beseni limodzi lokha linandithyola khosi. Kunyumba tinaliyanika, kulisinja ndi munsi pamwala wafulati, kenaka n'kukhala pansi kutolamo timiyala ndi timizu. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa kuposa kusankha mpunga, ndipo azakhali ankabwereza paliponse pamene ine ndadutsa. Atatha anabweretsa mapale a miphika yakale yosweka, tinawasinja mpaka kukhala ngati mchenga, n'kuwasakaniza ndi dothi lija kuti lidzapirire moto. Tinathira madzi, kukanda, kukandanso, n'kulikulunga m'thumba lonyowa kuti ligone.

Kuumba kwenikweni kunandichititsa manyazi kwambiri. Umaika chibumi paphale lalikulu, phalelo lili pankhata kuti lizitembenuka. Umaboola pakati ndi chibakera, n'kumakokera dothi m'mwamba, dzanja lina mkati, lina kunja. Likatha umapota dothi lina pakati pa zikhato kuti likhale ngati chingwe chonenepa, kulizunguliza pamwamba, n'kulimata ndi chala mpaka pasaoneke polumikizira. Kunja umasalaza ndi chitsononkho chonyowa, kumlomo ndi kansanza. Azakhali akamachita zimaoneka ngati dothi likudziwa lokha kopita. Ine langa linkapendekera mbali imodzi, ndikati ndiwongole, mbali inayo n'kubooka.

"Ukuumba mphika kapena chisoti cha abusa?" anandifunsa tsiku lina. Anachiphwanya ndi chikhato chimodzi n'kundibwezera chibumi. "Yambiranso. Dzanja lamkati ndilo limaona, lakunja limangoperekeza."

Ndinayambiranso kambirimbiri. Msana unkawawa, zala zinang'ambika m'mphepete mwa zikhadabo, koma ndinkadzuka ndi chimwemwe. Potsiriza kamphika kamodzi kanaima, kakang'ono kophikira ndiwo za anthu awiri, kopendekera pang'ono ngati munthu womvetsera nkhani. Kataumako, azakhali anandipatsa kachitsulo kuti ndikapale kunsi mpaka kapyapyale. Ndinaopa kukaboola. Ndinapala pang'ono chabe, n'kukakulunga ndi nkhulungo, mwala wosalala uja, mpaka kanayamba kunyezimira. Azakhali anakanyamula, kukayesa kulemera, n'kuseka.

"Aka n'kogendera agalu. Koma n'koyamba, kalowe nawo pamoto, uone."

Kuno amayi saotcha mbiya aliyense payekha, chifukwa nkhuni n'zovuta. Tsikulo pamoto panali mbiya za azakhali, za amayi aakulu, akazi awo a bambo aakulu, ndi za mayi wina woyandikana nafe amene amakagulitsa ku Jenda. Tinadikira kuti mphepo igwe, chakumadzulo dzuwa lisanalowe. Tinayala nkhuni, kusanja mbiya chogoneka, kamphika kanga pakatikati, n'kukwirira zonse ndi makungwa, ndowe zouma za ng'ombe ndi udzu. Moto utagwira tinabwerera m'mbuyo chifukwa cha kutentha. Ine ndinkadumphadumpha ngati kamwana.

Kenaka tinamva phuu! ngati mfuti. Phale linauluka n'kugwera pafupi ndi mapazi a amayi aakulu. Mulu wonse unatitimira mbali imodzi, ndipo mkati munamveka thee, thee, thee. Moto utazirala, azakhali anayamba kuvuula ndi mitengo iwiri yaitali. Nkhali yaikulu ya amayi aakulu, imene anaiumbira ukwati wa mwana wawo, inatuluka itasweka pakati. Mitsuko ina ya mayi wa ku Jenda uja inali ndi ming'alu kuyambira kukhosi. Kamphika kanga sitinakapeze, tinangotola zidutswa.

Amayi aakulu anakhala pansi, miyendo tambalale, akuyang'ana nkhali yawo.

"Zaka zonsezi tikuotcha pano," anatero, "zoterezi zinachitikapo, alamu?"

"Yayi," anayankha azakhali.

"Nanga chaka chino chachilendo n'chiyani?"

Onse atatu anatembenukira kwa ine. Poyamba sindinamve chimene ankatanthauza, ndinayamba kupepesa kuti mwina sindinaumbe bwino.

"Kuumba koipa mphika umangong'aluka, suphulika ngati bomba," anatero amayi aakulu. "Tsiku lotsekera sukulu ndinakuona ndi maso angawa pa Jenda, uli panjinga yamoto, wamukumbatira mnyamata m'chiuno."

"Amama, anali wa kabaza! Msewu uja mukuudziwa, ndikanagwira pati?"

"Wamva kuyankhako? Atsikana a ku boma."

Mayi wa ku Jenda anatola mitsuko yake iwiri yopulumuka n'kuchoka osatsanzika. Pofika Lamlungu nkhani inali itafika kale kutchalitchi. Atsikana a kwaya anandisunthira malo pabenchi, malo aakulu kuposa amene ndinkafuna. Kumjigo amayi ankayamba ayang'ana pamimba panga, kenaka kumaso, ndiye n'kundipatsa moni.

Bambo aakulu atabwera kumapeto kwa sabata anatiitana pakhonde pawo. Iwo anali pampando, utuchi wa matabwa ukadali m'makwinya a jekete lawo. Ine, amayi ndi azakhali tinakhala pansi. Amayi aakulu anaima pakhomo. Bambo aakulu si munthu wokalipa. Anayankhula motsitsa, ngati akukamba za mtengo wa feteleza.

"Mwana wanga, ndamva zimene ndamva. Uli ndi pakati?"

"Ayi, adada."

"Mwamuna wamudziwa?"

"Ayi, adada."

Amayi anagwada bwinobwino n'kuomba m'manja. "Alamu, chipatala chili pafupi. Ndiloleni ndipite naye mawa akamuyeze."

"Achipatala ayeza mimba," anatero amayi aakulu ali pakhomo paja. "Zinazo ayeza ndi chiyani?"

Bambo aakulu anapukuta chipewa pabondo. Anati iwo ali ndi ana awoawo amene anawasiyitsa sukulu kuti mwana wa mng'ono wawo aphunzire. Anati sangamadye utuchi ku Chikangawa chifukwa cha munthu amene adzabwerako ndi mwana kumsana. Kenaka anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Iwe ndiwe mwini ntchito. Dothi limanama?"

Ndinayang'ana azakhali. Iwo ankayang'ana chala chawo cha kuphazi.

"Silinama," anatero.

"Mbwenu nkhani yatha. Aumbe wina, yekha, wina aliyense asagwireko. Ndibweranso Loweruka lomaliza sukulu zisanatsegulidwe, adzaotche ine ndikuona. Ukatuluka wamoyo, Lolemba ndikamukweza ndekha galimoto. Ukasweka, akhala pano, tiona chochita naye."

Amayi anafuna kuyankhulanso, koma bambo aakulu anali atavala kale chipewa. Pobwerera kunyumba amayi anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka kupweteka. Sanandifunse ngati zinali zoona. Mpaka lero sindikudziwa ngati anasiya kufunsa chifukwa chondikhulupirira kapena chifukwa choopa yankho.

Ine ndinali ndi chiyembekezo, ndisaname. Ndinaganiza kuti popeza ndilibe mlandu, chotsala n'kuumba bwino basi, ndipo masabata atatu ndi ambiri. Ndinakakumba ndekha, kusinja ndekha, kutola timiyala mpaka maso kuchita chizungulire. Azakhali analoledwa kuyankhula koma osati kugwira. Ankakhala pachitsa, manja atawapinda m'khwapa ngati akuopa kuti angawathawe. Nthabwala zija zinatha. Ankangoti, "Wanenepetsa apo." "Madzi achuluka." "Mata, ndati mata, usasisite." Tsiku lina dzanja lawo linatambasuka lokha kufuna kuwongola mlomo wa mphika, ndipo analibweza msanga n'kuyang'ana kunjira ngati kukubwera munthu.

Ndinaumba miphika itatu kuti wina ukalephera wina utsale. Sinali yokongola, koma inaima. Ndinaiika m'kachipinda ka azakhali kosungiramo mbiya, n'kuifunditsa masamba a nthochi kuti iume pang'onopang'ono. Mphepo ya Ogasiti kuno ilibe chisoni. Tsiku lina masana inakankha chitseko cha kachipindako n'kuulutsa masamba, ife tili kumaliro mudzi wina. Pobwerako tinapeza miphika iwiri ya kufupi ndi khomo itauma mbali imodzi, mlomo utang'aluka mpaka pakati. Wachitatu unapulumuka. M'mawa mwake ndinautembenuza kuti ndipale kunsi. Ulendo uno ndinati sindisiya ponenepa. Ndinapala, kupala, azakhali akuti "basi", ine n'kuti kamodzi kokha, ndipo kachitsulo kanalowa mkati, chala changa n'kutsatira.

Ndinakhala ndikuyang'ana bowolo. Azakhali anadzuka n'kupita kukapatsa nkhuku madzi, ngakhale kuti zinali ndi madzi kale.

Dothi lokanda linali litatsala lokwanira mphika umodzi. Ndinati ndiyamba m'mawa mwake. M'mawa mwakemo ndinadzuka ndili kumwezi.

Ndinathamangira kwa amayi ngati ndatola chinthu chamtengo. Amayi anakauza azakhali, azakhali anakauza amayi aakulu, monga mmene nkhani zotere zimayendera, chifukwa kwa bambo aakulu palibe mkazi amene angakanene zimenezi ndi pakamwa pake. Yankho linabwera madzulo omwewo.

"Akuti ayamika kuti mimba palibe," anatero azakhali, ataima kunja kwa khitchini yathu. "Akuti funso linalo likadalipo."

"Ndiye mawa ndibwere ndidzaumbe?"

"Uli kumwezi, ungagwire dothi? Udikire uyere."

"Ankhazi, masiku akutha. Ndapota, palibe amene adziwe."

"Mudzi wonse ukudziwa kale. Ukaligwira panopa, ngakhale mphika udzatuluke bwino adzati sunali mlandu wake. Ukasweka adzati waswa dala kuti ubise. Khala pansi."

Ndinakhala pansi pafupifupi sabata yathunthu. Ndinkatsegula buku la Bayoloje n'kumawerenga tsamba limodzimodzi. Kuchokera pakhomo pathu ndinkaona denga la kachipinda kaja, m'mene munali dothi langa m'thumba. Dzuwa linkawala bwino masiku amenewo, lowumitsa mbiya, ndipo linkangopita pachabe.

Nditayera ndinaumba mphika womaliza tsiku limodzi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Sindikudziwa chimene chinachitika m'manja mwanga masiku okhala aja. Dothi linandimvera. Ndinkamva ndi dzanja lamkati pamene panenepa ndisanayang'ane. Khosi linalowa bwino, mlomo unatuluka wozungulira, ndipo nditaudutsitsa kansanza konyowa unasalala ngati wa mbale ya kusitolo. Ndinalemba timizere m'khosi ndi kamtengo, topingasa, ta ine ndekha. Azakhali anauzungulira, manja ali kumbuyo.

"Uwu ndi mphika," anatero. Ine ndinapita kunyumba ndikuimba.

Kupala kunsi kunayendanso bwino. Chimene chinatsala n'kuuma, ndipo mbiya za azakhali zimakhala masabata awiri kapena kuposa zisanaone moto. Wanga unali ndi masiku osakwana sabata. Ndinkautulutsa pamthunzi m'mawa, kuutembenuza, kuubisa ku mphepo. Masiku awiri omaliza ndinauika pamwamba pa nsanja ya m'khitchini kuti utsi uziuwamba. Kunja unayera mbuu, ukaugogoda unkalira ngati wouma. Ndinadziuza kuti wauma. Ndinapempheranso, ngakhale sindinadziwe bwino mmene munthu amapemphererera mphika.

Bambo aakulu anafika Lachisanu pa lole ya matabwa. Dzulo, Loweruka, dzuwa litapendeka, anthu anayamba kusonkhana kuseri kwa nyumba ya azakhali. Palibe amene anawaitana. Panali amayi a kumjigo, atsikana a kwaya, ngakhale amuna amene sayandikira ntchito ya mbiya anaima chapatali ngati akuyang'ana ng'ombe. Anabweretsera bambo aakulu mpando. Amayi anaima okha pansi pa mtengo wa mango, atafunda chitenje kumutu ngakhale kunkatentha.

Ndinatuluka ndi mphika wanga. Azakhali anapempha kuti auone, ndipo bambo aakulu anavomera ndi mutu. Anaulandira ndi manja awiri, kuutembenuza, kenaka n'kugunditsa kunsi kwake patsaya lawo. Anaukhazika pamenepo kanthawi, maso ali otseka. Atatsegula maso anandiyang'ana, kuyang'ana achimwene awo, kuyang'ana gulu lija. Anandibwezera.

"Yala nkhuni," anatero.

Ndinayala ndekha, kuugoneka, kuukwirira ndi makungwa ndi ndowe. Machesi anandithyokera kawiri. Mayi wina anaseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Moto unagwira udzu, unakwera, utsi woyera unasanduka wakuda, kenaka malawi okhaokha. Ndinaima pafupi kuposa mmene ndinayenera, nsidze zikuwauka, ndikumvetsera. Sipanamveke kuphulika. Makungwa anapsa, ndowe zinafiira, mulu unayamba kutsika, ndipo ndinaona mlomo wa mphika wanga uli psuu pakati pa makala, wathunthu. Ndinatembenuka kuti ndiyang'ane amayi.

Ndili chotembenukira choncho ndinamva thee, kamodzi kokha, kakang'ono, ngati munthu wathyola kamtengo kouma.

Ena sanamve. Ndinauvuula ndi mitengo iwiri n'kuukhazika pamchenga. Unali wofiira bwino, ndi mabala akuda m'mbali, timizere tanga tikuoneka tonse. Wina kumbuyo anati, "Wapulumuka!" Amayi anachotsa chitenje kumutu n'kuyamba kuyandikira. Tinadikira kuti uzizire. Kenaka bambo aakulu anauza mlongo wawo kuti augogode.

Mphika wabwino ukaugogoda ndi chala umalira ngee, mawu n'kumapitirira. Wanga unati pho. Azakhali anagogodanso mbali ina. Pho. Amayi aakulu anabwera, kuutembenuza ndi phazi, ndipo onse anaona mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, wodutsa kunsi konse kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Anatunga madzi m'kapu n'kuthiramo. Mchenga wa pansi pake unayamba kuda.

Bambo aakulu sanakalipe. Anadzuka, kupatsa mwana wina mpando kuti abweze, n'kundiyang'ana ngati munthu amene wamva za maliro.

"Ndinkafuna utuluke bwino," anatero. "Chomene." Ndipo anapita.

Gulu linabalalika mwakachetechete, koma nditangotembenuka ndinamva kuseka kukuyamba kunjira ya kumjigo. Amayi anabwera, anatola mphika uja n'kuukumbatira pachifuwa, madzi otsala akuwanyowetsa bulauzi. Anati tiye kunyumba. Ndinati ndibwera, ndithandize kaye kuzima makala.

Tinatsala awiri ndi azakhali. Ankakokera phulusa pamodzi ndi khasu, osandiyang'ana.

"Ankhazi, patsaya paja munamva chiyani?"

Anapitiriza kukokera.

"Ankhazi."

"Unali wozizira," anatero. "Dothi louma likagunda tsaya limakhala lofunda. Lako linali ndi madzi mkati, kunsi. Likanafuna sabata ina."

"Ndiye si ine?"

"Iwe waumba mphika wabwino kuposa umene ine ndinaumba chaka changa choyamba."

"Nanga kaja koyamba?"

Anaimika khasu. "Kaja kanali konenepa kunsi ngati mtondo. Sikakanauma ngakhale mwezi. Ndinakanyamula, ndinadziwa, koma unkasangalala, ndiye ndinati kalowe, kakang'aluka uphunzirepo. Sindinaganize kuti kaphulika n'kupha mbiya za eni ake."

Ndinawayang'ana kumaso.

"Bwanji simunanene? Pakhonde paja adada anakufunsani."

"Ndinene kuti chiyani? Kuti nkhali ya ukwati wa mwana wawo ndinaswa ndine? Kuti mitsuko ya mayi uja ndilipire ndine?" Analoza nyumba yawo ndi chibwano. "Malo awa ndi a ndani? Ine ukwati unandikana, mwana wamwamuna ndilibe. Mlamu wanga uja akangoti ndichoke, ndipita kuti ndi miphika yanga?"

"Nanga ine ndipita kuti?"

Anayang'ana phulusa. Kenaka anati, "Komanso mwambowo ulipo, usaupeputse. Amayi anga anauona ukugwira ntchito."

"Koma pa ine sunagwire."

"Pa iwe yayi."

"Mukanene mawu omwewo kwa adada."

"Uli mwana. Miyezi ipita, anthu aona okha kuti ulibe kanthu."

"Adzati ndinachotsa. Ndipo Folomu 4 siidikira miyezi, ankhazi. Malo anga ku hositelo apatsa wina."

Anatola khasu n'kulowa m'nyumba. Chitseko sanatseke, koma sanandiitanenso.

Lero tsiku lonse ndakhala ndikuganiza. Amayi atabwerako kutchalitchi anandiuza kuti amayi aakulu ayamba kale kukamba za mwamuna wina wa ku Luwawa, wamasiye, amene akufuna mkazi wodziwa kuwerenga. Ananena akusenda mbatata, osakweza mutu, ndipo mpeni unkawaterereka. Mphika uja auika pakona, athiramo nyemba zouma. Akuti wa nyemba sufuna kukhala wosadontha.

Ndawauza zimene azakhali ananena. Amayi anati mawu onenedwa pa phulusa, popanda mboni, ndi mphepo chabe, ndipo iwo monga mkazi wobwera sangakatsutse mlongo wa mwini mudzi. Ndikuwamvetsa. Azakhalinso ndikuwamvetsa, ngakhale kuwamvetsako kukundipweteka kuposa kukwiya. Koma iwo ndi okhawo amene bambo aakulu angawamvere pa nkhani ya dothi, ndipo ndinaona mmene ankabisira manja m'khwapa masiku onse aja. Si munthu amene mtima wake wagona.

Bambo aakulu abwerera ku Chikangawa Lachiwiri m'mawa. Wochedwa ndi tsiku limodzi kapena awiri kusukulu amangopatsidwa chibalo chotchetcha, ndipo ndingatchetche bwalo lonse la mpira mosadandaula. Mawa kukangocha ndipita kwa azakhali. Sindikalira ndipo sindikawanyoza. Ndikawauza kuti nkhali ya amayi aakulu ndi mitsuko ya mayi uja tidzaumba tonse awiri tchuthi chikubwerachi, kukumba ndi kusinja konse kudzakhala kwanga, kuti mlanduwo asausenze okha. Ndikatero ndikakhala pakhomo pawo, pamwala wosinjira paja pamene aliyense wopita kumjigo amaona, ndipo sindikachokapo mpaka atavala mpango wawo n'kupita nane kwa achimwene awo.